Asanamutsekere m'nyumba, mwana wanuyo ayambe waonana ndi achipatala

Funso: Ndine mayi wa ku Mchini, kuno ku Chipata. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 29, ndipo amakonza njinga pafupi ndi msika wa Kapata. Mowa anauyamba ali giredi 9, nthawi ya tujilijili ija. Lero amalawirira kachasu m'mamawa, ndipo akapanda kumwa manja amanjenjemera moti sipanala imamupulumuka. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Chadiza. Kawiri konse walumbira pamaso pa abusa kuti wasiya, koma mwezi sunathe. Mwezi wathawu anakhala masiku awiri osamwa chifukwa chosowa ndalama, ndipo anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Usiku wotsatira ankakuwa kuti akuona njoka pakhoma. Abale akuti walodzedwa. Atsibweni ake akufuna amutengere kumudzi ku Katete, akamutsekere m'nyumba mpaka mowa umuthere m'thupi. Kodi ndivomere? Nanga alipo mankhwala oti ndizimuthirira mu ndiwo mobisa kuti mowa uzimunyansa?

Yankho: Amayi, musavomere. Atsibweni akewo akufunira mphwawo zabwino, ndipo m'maganizo awo muli mfundo ina yanzeru imene ndiitchula kutsogoloku. Koma kutsekera m'nyumba munthu amene anagwapo kale chifukwa chosowa mowa, kutali ndi chipatala, n'kuika moyo wake pachiswe. Mwa zinthu zonse zozunguza bongo zimene anthu akwathu kuno amagwiritsa ntchito, mowa uli m'gulu la zochepa zimene kuzisiya mwadzidzidzi kungathe kupha munthu. Wosiya chamba amasowa tulo, amapsa mtima, chakudya sichimukomera, koma safa nazo. Chidakwa chenicheni chikhoza kufa.

Popeza mwana wanu ndi wa njinga, ndifotokoze ndi njinga yomwe. Mu ubongo muli timadzi tina timene timagwira ntchito ngati mabuleki, dzina lake GABA, ndi tina timene timagwira ntchito ngati kupalasa, dzina lake glutamate. Mowa umafinya mabuleki aja n'kufooketsa kupalasa. N'chifukwa chake woledzera amalankhula mokoka lilime, amadzandira, kenako n'kugona. Tsono munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo sungololera kukhala wofinyidwa. Umamasula mabuleki ake n'kuyamba kupalasa mwamphamvu, kuti njinga iziyendabe ngakhale mowa uli momwemo. Apa m'pamene munthu amafika pomwa botolo lonse koma osagwa, anzake n'kumamutama kuti ali ndi mutu wolimba. Tsiku limene mowa wasowa, chimene chinkafinya mabuleki chija chachoka, koma kupalasa kukadali komweko. Zili ngati kutsetsereka phiri la Kanjala pa njinga yopanda mabuleki, uku ukupalasabe.

Zimene mwalembazi zikutsata ndendende ndondomeko imene timaidziwa kuchipatala. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga, mseru umabwera. M'masiku awiri oyamba ena amagwa n'kuphupha. Kuyambira tsiku lachiwiri kufika lachinayi, ena amasokonezeka mutu kotheratu: sadziwa kumene ali, thupi limatentha, amaona njoka, makoswe kapena tizilombo tikuyenda pakhoma ndi pathupi. Madokotala amakutcha delirium tremens, ndipo popanda chithandizo anthu amafa nako. Njoka zimene anaona mwana wanuzo anaonanso anthu a ku Lundazi, a ku Lusaka, a ku London, amene sadziwana ndipo alibe mdani mmodzi. China choti mudziwe n'chakuti amene anagwapo kamodzi amakhala pangozi yaikulu yogwanso, ndipo kawirikawiri ulendo wotsatira umakula kuposa woyamba.

Ndaonapo anyamata otere atafika nawo kuchipatala pa tsiku lachitatu, manja ali otupa ndi zingwe, milomo itauma gwa, abale atatopa ndi kuwagwira usiku wonse. Palibe mwa abalewo amene anali wankhanza. Anangosowa wowauza.

Tsono nazi zimene ndikupempha, ngakhale zimveke zachilendo kuchokera kwa munthu wa zaumoyo: mpaka tsiku limene adzaonane ndi achipatala, musamutayire mowa wake wonse kuti asiye lero lomwe. Achepetse pang'onopang'ono, adye, amwe madzi, koma kudula kwenikweni kukachitikire m'manja mwa anthu odziwa. Yambirani pa kiliniki ya kufupi ndi kwanu, akakulembereni kalata yopita ku Chipata Central Hospital, kumene kuli gawo loona za matenda a maganizo. Kumeneko amapereka mankhwala monga diazepam, amene amagwira mabuleki aja m'malo mwa mowa, n'kumawachepetsa tsiku ndi tsiku kwa pafupifupi sabata imodzi mpaka ubongo utazolowera kuyenda wokha. Amaperekanso vitamini B1, chifukwa omwa kwambiri amakhala nayo yochepa, ndipo ikasowa ubongo umawonongeka mpaka munthu kuiwala zimene wachita m'mawa womwewo. Akamuyezanso shuga, chiwindi, BP, TB ndi HIV, n'kuonanso ngati kugwa kuja kunalibe chifukwa china monga khunyu lenileni, malungo aakulu kapena kuvulala m'mutu. Diazepam yemweyo musakagule nokha kwa ogulitsa mobisa. Akaphatikizana ndi kachasu amatha kuimitsa kupuma, komanso naye amakola.

Akagwanso musanapite, mugonekeni chammbali, muchotse mbaula ndi chilichonse chimene chingamupweteke, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano funso limene ndikuliona kuseri kwa kalata yanu: kodi mwana wanga walodzedwa, kapena ndi mwano chabe? Analumbira pamaso pa abusa akudziwa kuti akunama?

Ine ndikukhulupirira kuti tsiku limene ankalumbiralo ankanena zoona. Vuto lili pa chimene mowa wachita ku mbali ya ubongo imene imasankha zofuna. M'chaka cha 1954, akatswiri awiri a pa yunivesite ya McGill ku Canada, James Olds ndi Peter Milner, anaika kawaya kakang'ono pamalo ena mu ubongo wa khoswe, n'kumupatsa kachitsulo koti akakadina, malo aja alandire kamphamvu kochepa ka magetsi. Khoswe uja ankadina kambirimbiri pa ola limodzi. Pa kafukufuku wotsatira, makoswe ena anjala ankasiya chakudya chili pomwepo n'kumangodinabe. Malo amenewo tonse tili nawo. Ntchito yake ndi yabwino: munthu akadya nsima ali ndi njala, akamwa madzi ali ndi ludzu, akanyamula khanda lake, timadzi totchedwa dopamine timatuluka n'kuuza ubongo kuti ichi n'chofunika, uchikumbukire, udzachifunenso. Mowa, chamba, fodya, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene achinyamata akumwa masiku ano, zonsezi zimafika pamalo omwewo mwachidule, popanda thukuta, ndipo zimabwereza uthenga womwewo tsiku ndi tsiku.

Pakapita zaka, zinthu ziwiri zimachitika. Choyamba, ubongo umachepetsa malo olandirira dopamine uja. Zithunzi za ubongo zimene katswiri wina, Nora Volkow, ndi anzake anajambula ku America zinaonetsa zimenezi mwa anthu okodwa ndi mowa ndi mankhwala ena. Zotsatira zake, zinthu wamba zimazizira. Mpira sukoma, macheza sakoma, ngakhale kuseka kwa ana ake sikumufika pamtima monga kale. Chachiwiri, chilichonse chimene chimayendera limodzi ndi mowa chimasanduka belu: fungo lake, njira yodutsa pa shabini, mnzake uja akangoimba mluzu, ndalama ikangogwa m'manja kasitomala atalipira. Belu likalira, chibaba chimadzuka munthu asanaganize n'komwe. Akatswiri anapezanso kuti kufuna chinthu ndi kukondwera nacho zimayenda njira zosiyana mu ubongo. N'chifukwa chake odwala anga ambiri amandiuza mawu ofanana: "Adokotala, sundikomanso, koma ndikapanda kumwa sindikhala munthu." Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mvula ya zaka 14 yakumba khwawa mu ubongo wa mwana wanu, ndipo lumbiro la Lamulungu limodzi silingalikwirire.

Nkhani ya giredi 9 ija ndi yaikulu. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imati "dikira, ganiza za mawa", imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Kafukufuku wamkulu wa ku America anapeza kuti oyamba kumwa asanakwanitse zaka 15 amakodwa ndi mowa kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi oyamba ali ndi zaka 21. Tujilijili tinali totchipa, tokwana m'thumba la yunifolomu, ndipo tinali ndi mowa waukali. Boma linatiletsa mu 2012, koma ana amene tinawapeza ali pasukulu ndi amene lero ali abambo a zaka za m'ma 30, ndipo ambiri a iwo tikukumana nawo m'zipatala. Kumtundu nakonso kuli mbali yake. Kafukufuku wa mapasa ndi wa ana oleredwa ndi makolo ena amaonetsa kuti pafupifupi theka la ngozi yokodwa ndi mowa limayenda m'magazi. Ngati bambo ake, agogo ake kapena atsibweni ena anali otere, mukawauze achipatala. Zimenezi zimafotokoza chifukwa chake anyamata asanu amayambira limodzi, anayi n'kumamwa pa ukwati ndi pa Nc'wala pokha, mmodzi n'kumira.

Ndipo pali funso limene mabanja ambiri safunsa: mowawo ukuphimba chiyani? Ena pansi pake pali matenda a nkhawa kapena kukhumudwa kwakukulu, ena maliro amene sanawalire, ena zoopsa zimene anaziona ali mwana ndipo sanauzepo munthu. Kuchoka kwa mkazi ndi ana nakonso ndi bala latsopano. Ngati anayamba wanenapo zoti kuli bwino kungofa, musazitenge ngati zolankhula za mowa. Mankhwala a m'munda ndi a makoswe muwachotse pakhomo, ndipo mukanene mawu amenewo kuchipatala monga momwe anawanenera.

Pofotokoza zonsezi sindikuti iye alibe udindo. Wodwala shuga sanasankhe matenda ake, komabe kumwa mankhwala ndi kusala zotsekemera ndi ntchito yake. Chimodzimodzi apa. Kungoti kumunyoza, kumumenya kapena kumuchititsa manyazi pagulu kumawonjezera ululu womwe uja umene iye anaphunzira kuuziziritsa ndi kachasu.

Za mankhwala othira mu ndiwo, yankho ndi ayi, ndipo ndikukupemphani ndi mtima wonse. Alipo mankhwala otchedwa disulfiram amene amachititsa kuti munthu akamwa mowa adwale: nkhope imatentha, mutu umawawa, amasanza, mtima umagunda mothamanga, BP imatsika. Amathandiza munthu amene wavomera yekha, akudziwa chimene chingamuchitikire, ndipo dokotala waona kuti mtima ndi chiwindi chake zili bwino. Kumupatsa mobisa munthu amene akamwe botolo la kachasu masana omwewo kukhoza kumupha. Zitsamba zosanzitsa zimene ena amagulitsa nazonso n'zoopsa, chifukwa womwa kwa zaka zambiri amatha kukhala ndi zilonda m'mimba kapena mitsempha yotupa kummero, ndipo kusanza mwamphamvu kumaiphulitsa, munthu n'kusanza magazi. Komanso tsiku limene adzatulukire kuti mbale ya amayi ake inali ndi mankhwala, mudzataya chinthu chimene chikufunika kwambiri pa ulendo wonsewu, ndicho kukukhulupirirani. Mankhwala ochepetsa chibaba alipo, monga naltrexone ndi acamprosate. Amamwedwa munthu akudziwa, sachita zozizwitsa, koma amathandiza ena kukhala nthawi yaitali osabwerera. Mukafunse dokotala ngati angamuyenere ndi kumene angapezeke.

Sabata ya kuchipatala ija ndi khomo chabe. Imachotsa mowa m'thupi bwinobwino, koma khwawa lija limakhala lilipobe. Mabanja ambiri amalakwitsa pomwepa: munthu watuluka, nkhope yasalala, akudya, onse n'kunena kuti wachira. Miyezi itatu yoyamba ndiyo yoterera kwambiri, tulo timavuta, mtima umakhala pamwamba, ndipo chisangalalo cha zinthu wamba chimabwerera mochedwa.

Apa m'pamene nzeru ya atsibweni ikugwira ntchito. Pa nkhondo ya ku Vietnam, pafupifupi msilikali mmodzi mwa asanu a ku America amene anafunsidwa ananena kuti anakodwa ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin ali kumeneko. Boma lawo linkaopa kuti akabwerera kwawo kudzakhala chipwirikiti. Katswiri wina, Lee Robins, anawatsatira, ndipo anapeza kuti m'chaka choyamba atabwerera, pafupifupi 5 okha pa 100 alionse mwa okodwa aja ndi amene anakodwanso. Anali atachoka pamalo, pa anzawo, pa mantha ndi pa msika umene unkawagulitsa. Malo ali ndi mphamvu. Choncho akatuluka m'chipatala, kupita kumudzi kwa miyezi ingapo kungathandize, ngati wavomera yekha, chitseko chili chotsegula, ndipo ali ndi ntchito ya m'manja tsiku lililonse: dimba, ng'ombe, kapena zipangizo zake zomwezo, poti njinga zofuna kukonza kumudzi sizisowa. Ku Katete kulinso chipatala cha St Francis, moti akhoza kumakaonedwa ali komweko. Koma tisanamizane, kachasu amatchezedwa kumudzi komweko, ndipo nyengo yogulitsa chimanga, soya ndi mtedza ndalama zikalowa, mowa umasefukira. Atsibweni akhale okonzeka kukhala naye pafupi pa nyengo imeneyo, ndipo iwo eni asamamwe pamaso pake.

Chimene chimakwirira khwawa pang'onopang'ono ndi uphungu wobwerezabwereza. Sindikunena kulangiza kwa "usiye mowa, taona ana ako", chifukwa zimenezo wazimva kokwanira. Phungu wophunzira amakhala naye n'kufufuza mabelu ake limodzi ndi limodzi: ndi ola liti, ndi mnzake uti, ndi maganizo ati amene amatsogola botolo lisanafike. Kenako amakonza zochita. Chibaba chimakwera n'kutsika chokha, nthawi zambiri pasanathe ola, ndipo munthu akhoza kuphunzira kuchidikira mpaka chitadutsa. Amaphunzira mawu okanira mnzake amene wamugulira kale. Amagwirizana za amene azisunga ndalama za tsikulo, kaya pa foni ya munthu wina wodalirika, kuti madzulo asamadutse pa shabini thumba lili lolemera. Njira zoterezi zinayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. Ku makomboni a ku Lusaka, aphungu wamba ophunzitsidwa njira yotchedwa CETA anathandiza mabanja, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti kumwa koopsa kwa amuna kunatsika, nkhanza za m'banja n'kutsikanso. A Drug Enforcement Commission, amene ambiri timangowadziwa pa zomanga anthu a chamba, alinso ndi gawo la maphunziro ndi uphungu. Magulu a anthu osiya mowa amene amakumana kuti alimbikitsane, monga Alcoholics Anonymous imene inayamba mu 1935 ku America, athandiza anthu ochuluka. Kumene kulibe gulu lotere, ngakhale anthu atatu a vuto limodzi okumana sabata ndi sabata pa tchalitchi ndi chiyambi.

Mapemphero musasiye. Mpingo umapatsa munthu anzake atsopano, zochita Loweruka madzulo, ndi chifukwa chodzukira m'mawa. Chimene ndingapemphe abusa n'chakuti asamuimikenso kutsogolo kuti alumbire. Akaterereka pambuyo pa lumbiro la pagulu, manyazi amamuthawitsa kutchalitchi komweko, n'kutsala ndi anzake a ku shabini okha amene samufunsa kanthu.

Ndipo mwina adzaterereka. Mwa anthu olandira chithandizo cha matenda amenewa, pakati pa 40 ndi 60 pa 100 alionse amabwererako nthawi ina, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Wa BP ikakwera sitinena kuti chipatala chalephera, timabwerera naye kuti akaonenso mankhwala. Mwana wanu akadzamwa tsiku limodzi patapita miyezi iwiri, miyezi iwiriyo sinapite pachabe. Chofunika n'kubwerera kwa phungu sabata yomweyo, tsiku limodzi lisanasanduke mwezi. Masabata amene anakhala osamwa atalumbira kwa abusa aja akundiuza kuti mbali ina ya mtima wake ikufuna kutuluka.

Nanga akakana kupita kuchipatala? Apa inu muli ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Pali njira yophunzitsa abale yotchedwa CRAFT, imene pa kafukufuku inathandiza mabanja pafupifupi awiri mwa atatu alionse kufikitsa kuchithandizo munthu amene ankakana. Mfundo zake n'zapafupi. Musakambe naye ataledzera, palibe chimene chimalowa. Sankhani nthawi imene mutu uli bwinoko, mwina atangodya. Yambani ndi chimene iye mwini chikumuopsa, osati chimene chikukupsetsani mtima inu. "Mwanawe, tsiku lija unagwa ndinaona ngati ndakutaya. Tiye akakuone manjawa, ndikuperekeza." Ambiri amene amakana kupita kukasiya mowa amavomera kupita kukaonetsa manja onjenjemera, kusowa tulo kapena m'mimba. Tsiku limene wabwera kunyumba ali bwino, aone kusiyana: mukhale naye, mucheze, mumuyamikire pa njinga imene wakonza. Tsiku limene waledzera, mupatseni nsima, muonetsetse kuti wagona chammbali, koma macheza ayi. Ngongole za ku shabini musamulipirire, kwa makasitomala ake musamunamire, ndipo ndalama m'manja musamupatse. Chakudya ndi pogona zikhalepo, koma zotsatira za mowa azione yekha.

Apongozi anu a ku Chadiza musawaitane kuti abwere adzakhale mankhwala. Anachoka ndi zifukwa zawo, ndipo ana aja akufunika nyumba ya mtendere. Kubwerera kwawo kudzakambidwe ndi ankhoswe pakapita miyezi yooneka ndi maso. Ngati mwana wanu amakuopsezani kapena kukumenyani akaledzera, matenda si chilolezo: a Victim Support Unit ku polisi alipo, ndipo nambala ya foni ya 933 ya aphungu a Lifeline ndi yaulere. Inunso mupeze munthu woti muzimuuza zakukhosi, chifukwa mwasenza katunduyu zaka zambiri, ndipo ulendo udakalipo.

Mukamapita ku kiliniki, atsibweni apite nawo, amve okha kuchokera kwa achipatala, kuti pasakhale kukokana m'banja. Mwana wanu asapite ataledzera, komanso asakhale tsiku lonse osalawa poyembekezera ulendowo. Pitani m'mawa. Mukafika musangoti "amamwa mowa". Nenani mtundu wake, mabotolo angati pa tsiku, ola limene wamwa komaliza, zaka zimene wakhala akumwa, ngati amasutanso chamba kapena kumwa mapiritsi ena, ndipo koposa zonse nenani kuti mwezi watha anagwa n'kuphupha atakhala masiku awiri osamwa, kenako n'kuona njoka pakhoma. Mawu amenewo ndi amene adzauze wachipatala kuti uyu ngofunika kugonekedwa, osati kupatsidwa mapiritsi n'kubwezedwa kunyumba.